Kujambula mbalame za m'madambo ndi kamera wamba

Mwa mbalame zonse, za m'madambo ndi zimene zimamukomera mtima munthu amene akuyamba kumene kujambula zachilengedwe. Zambiri n'zazikulu thupi, zimadya poyera, ndipo zimatha kuima malo amodzi nthawi yaitali zikudikira nsomba. M'nkhalango mbalame imamveka kulira koma osaoneka, ndipo ikaoneka imakhala ili mumthunzi wa masamba. Kudambo kulibe zimenezo: kakowa amaima poonekera, dzuwa likumuwomba thupi lonse. Chovuta n'chimodzi, ndicho mtunda. Pakati pa wojambula ndi mbalame pamakhala madzi, matope ndi bango, ndipo kamera yotsika mtengo siikoka zinthu zakutali monga zimachitira zida za akatswiri. Choncho luso la woyamba limagona pa zinthu zitatu: kudziwa pothera mphamvu ya chida chake, kusankha kuwala, ndi kudziwa khalidwe la mbalame kuti izichita kumufika yokha.

Kumene mbalamezi zimapezeka

M'Malawi muli mitundu ya mbalame pafupifupi 650, monga likusonyezera buku la The Birds of Malawi lomwe Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett adatulutsa mu 2006. Yambiri mwa mitundu imeneyi imadalira nyanja, mitsinje ndi madambo.

Malo otchuka kwambiri ndi nyanja ya Chilwa, yomwe idakhudza maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe ndipo idachita malire ndi Mozambique. Nyanjayi ndi yosazama, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo yazunguliridwa ndi dambo lalikulu la njedza. Pangano la Ramsar loteteza madambo, lomwe lidasainidwa mu 1971 ku Iran, lidayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 1997, ndipo mwa madambo a m'Malawi, Chilwa ndiyo idayamba kulembedwa m'kaundula wake. Madzi ake amakwera ndi kutsika malinga ndi mvula: idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idaumanso. Wofuna kupitako amayamba wafunsa pomwe madzi afika chaka chimenecho. Ambiri amalowera padoko la Kachulu, makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda wa Zomba, pomwe maboti opita ku chilumba cha Chisi amanyamukira. Kumeneko kumapezeka avuwo, adokowe, atsekwe, abakha a m'tchire ndi akakowa a mitundumitundu.

Dambo la Elephant Marsh m'chigwa cha Shire, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, lidalowa m'kaundula wa Ramsar mu 2017. Dzinali lidachokera kwa David Livingstone, yemwe adaonako njovu zambirimbiri mu 1859. Njovuzo kulibenso, koma mbalame zilipo, makamaka m'makwalala a madzi odzaza ndi akakombo. Kumtunda kwa mtsinje wa Shire kuli nkhalango ya Liwonde, yomwe bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa mogwirizana ndi boma kuyambira mu 2015. Kumeneko kwaonekapo mitundu ya mbalame yoposa 400, ndipo chifukwa sizisakidwa, zimalola boti kufika pafupi. Malo ena ndi Chia Lagoon ku Nkhotakota, dambo la Mpatsanjoka ku Salima ndi nyanja ya Kazuni ku Vwaza.

Komabe woyamba sayenera kudikira ulendo wautali. Damu la pafupi ndi kwawo, minda ya mpunga, ngakhale mtsinje wa Lingadzi mumzinda wa Lilongwe, ndi pokwanira kuphunzirirapo. Malo amene munthu angafikeko mobwerezabwereza amamuphunzitsa zambiri kuposa malo otchuka amene angawaone kamodzi pachaka.

Chida chimene chilipo

Oyamba ambiri amakhala ndi chimodzi mwa zida zitatu. Choyamba ndi kamera yosinthika malenzi, kawirikawiri ya Canon kapena Nikon yogula kwa wina, yokhala ndi lenzi ya 55-250mm kapena 70-300mm. Chachiwiri ndi kamera ya lenzi yosachotseka koma yokoka patali kwambiri, monga Nikon P900 imene imakoka kuwirikiza ka 83. Chachitatu ndi foni.

Lenzi ya 18-55mm imene imabwera ndi kamera pogula ndi yabwino kujambulira ukwati ndi mapiri, koma mbalame imatulukamo ngati kadontho. Poyambira penipeni ndi 300mm. Makamera ambiri otsika mtengo ali ndi sensor yaing'ono ya mtundu wa APS-C, ndipo pa nkhani ya mbalame umenewu ndi mwayi, chifukwa lenzi ya 300mm imaonetsa zinthu ngati ya 450mm pa Nikon kapena 480mm pa Canon.

Masamu ake ndi osavuta. Lenzi ya 300mm pa kamera yotere, ikaloza chinthu chili pa mamita 20, imatenga malo okwana pafupifupi mita imodzi ndi theka m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Kakowa wamkulu woyera, amene amatalika masentimita pafupifupi 90, amadzaza chithunzi pamtunda umenewo. Koma kambalame kogwira nsomba kotchedwa malachite kingfisher, kamene ndi ka masentimita 13 okha, kamasowa m'chithunzi chomwecho. Kuti katenge gawo limodzi mwa magawo atatu a chithunzi, wojambula ayenera kukhala pa mamita asanu. Pachifukwa chimenechi woyamba amachita bwino kuyamba ndi mbalame zikuluzikulu, tating'ono n'kudzatilondola pambuyo.

Kufooka kwina kwa lenzi yotsika mtengo n'kwakuti imalowetsa kuwala kochepa. Ikakokedwa mpaka kumapeto imatseguka kufika pa f/5.6 kapena f/6.3 basi, pamene lenzi ya akatswiri ya f/2.8 imalowetsa kuwala kochuluka kanayi kuposa ya f/5.6. Kamera yokoka patali ija imafika pomwe zinazi sizifika, koma sensor yake ndi yaing'ono zedi, moti kukangochita mdima pang'ono chithunzi chimadzaza timadontho, ndiponso imachedwa kutsatira mbalame youluka. Foni payokha imathandiza pojambula dambo lonse ndi gulu la mbalame. Kukoka chithunzi ndi zala pa foni kumangochiwononga. Njira yabwinoko ndi kugunditsa diso la foni pa galasi la choonera patali, chitakhazikidwa pamalo osagwedera.

Tripod, yomwe ndi choimikira kamera cha miyendo itatu, ndi yothandiza koma si yokakamiza, ndipo m'matope imamira. Kathumba kansalu kodzaza mpunga kapena nyemba, koikidwa pachitsa, pawindo la galimoto kapena pamlomo wa bwato, kamagwira lenzi bwino lomwe. Batire lapadera ndi memori khadi yachiwiri n'zosati n'kusiya, chifukwa kumadoko ambiri potchajira n'posowa.

Kuwala ndi nyengo

Dzuwa m'Malawi limatuluka cha m'ma 5 koloko m'miyezi yotentha ndi cha m'ma 6 koloko m'nyengo yozizira. Maola awiri oyambirira dzuwa litatuluka ndi awiri omaliza lisanalowe ndiwo nthawi yojambula. Kuwala kumakhala kofewa, kumaomba mbalame cham'mbali n'kuonetsa nthenga iliyonse, ndipo mbalame zimakhala zili kalikiliki kufuna chakudya. M'mawa mphepo imakhalanso isanayambe, choncho madzi amakhala bata ndipo mbalame imaoneka kawiri, pamwamba ndi m'madzi. Dzuwa likafika paliwombo mithunzi imada, nthenga zoyera zimathobwa m'maso, ndipo mpweya wotentha umanjenjemera pamwamba pa madzi. Mpweya umenewu umachititsa chimbuuzi pa chilichonse chakutali, ngakhale lenzi ikhale yodula chotani.

Mbali imene dzuwa lili ndi nkhani ina yofunika kuiganizira usiku wake. Dzuwa liyenera kukhala kumbuyo kwa wojambula, mthunzi wake ukuloza kumene kuli mbalame. Doko la Kachulu lili kumadzulo kwa nyanja, ndiye kuti woima pagombe m'mawa amayang'anizana ndi dzuwa, ndipo mbalame zimatuluka zakuda bii. Zimenezi zimachitikanso m'magombe a Salima ndi Nkhotakota. Pamalo otere m'mawa ndi nthawi yolowa m'madzi pabwato n'kujambula moyang'ana kumtunda, pamene kujambula uli pagombe kumayenera madzulo.

Nyengo iliyonse ili ndi zake. Kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Novembala madzi amaphwera ndipo mbalame zimasonkhana m'maiwe otsala, koma kumwamba kumachita utsi wa moto wolusa. Cha mu Seputembala ndi Okutobala kumafika mbalame zochokera ku Ulaya ndi ku Asia, monga wood sandpiper ndi ruff, zomwe zimakhala mpaka cha mu Epulo. M'dzinja dambo limabiriwira ndipo mbalame zambiri zimaswa, koma misewu yopita kumadoko imavuta. Mitambo ya chiperoni mu Juni ndi Julayi imachepetsa kuwala, komabe imathandiza pojambula mbalame zoyera chifukwa siibweretsa mithunzi.

Kutchera kamera

Chimene chimawononga zithunzi zambiri za oyamba ndi kugwedezeka. Lenzi yaitali imakuza mbalame, imakuzanso kunjenjemera kwa manja. Mankhwala ake ndi liwiro la shutter. Pa lenzi ya 300mm yogwira pamanja, liwiro lisatsike pa 1/500 ngakhale mbalame itaima chilili. Yoyenda m'madzi ikudya imafuna 1/1000, ndipo youluka imafuna 1/1600 kapena 1/2000. Kamera ikasiyidwa pa Auto siidziwa zimenezi, imangosankha liwiro lotsika. N'chifukwa chake ojambula mbalame amaika pa S, pomwe pa Canon pamalembedwa Tv, n'kusankha okha liwiro.

Liwiro lalikulu limafuna kuwala kwambiri, ndipo lenzi yotsika mtengo ilibe. Apa mpamene ISO imalowera. Kuwirikiza ISO kawiri, monga kuchoka pa 400 kufika pa 800, kumalola kuti liwiro liwirikizenso kawiri. Oyamba ambiri amaopa kukweza ISO poopa timadontho, koma chithunzi cha timadontho chooneka bwino chimakonzeka pa kompyuta, pamene chachimbuuzi n'chongotaya. Makamera ambiri a zaka zapitazi amapirira ISO 1600 popanda vuto lalikulu. Dzuwa likakwera ndipo kuwala kukachuluka, kutseka lenzi pang'ono kufika pa f/8 kumathandiza, chifukwa malenzi ambiri otsika mtengo amajambula mwakuthwa pamenepo kuposa atatseguka kotheratu.

Kudambo kamera imasokonezeka posankha choti ionetse bwino, chifukwa kutsogolo kwa mbalame kumakhala mapesi a bango. Wojambula amasankha kadontho kamodzi ka focus, kapakati, n'kukaika padiso la mbalame. Diso likaoneka bwino, chithunzi chonse chimalandirika ngakhale mchira utachita chimbuuzi. Pa mbalame yoyenda kapena youluka amatchera AF-C, yomwe pa Canon ndi AI Servo, kuti kamera izitsatira mbalameyo chala chili pabatani.

Mbalame zoyera zili ndi msampha wake. Kakowa akaima kutsogolo kwa bango lakuda, kamera imaona mdima wochuluka n'kuwonjezera kuwala, ndipo kakowayo amatuluka woyera mbee wopanda nthenga yooneka. Kabatani kolembedwa +/- ndiko kamakonza zimenezi: kutsitsa kufika pa -1 kumabweza nthengazo. Mbalame ikakhala m'mwamba moyera kapena pamadzi onyezimira, zinthu zimatembenuka, ndipo pamafunika kukweza kufika pa +1. Nkhwazi, yomwe ili ndi mutu ndi chifuwa zoyera koma mapiko akuda, imayesa luso limeneli kuposa mbalame ina iliyonse. Lamulo lake ndi kuteteza zoyerazo, zakuda zidzakonzedwa pambuyo.

Kuyandikira popanda kuthamangitsa

Mbalame iliyonse ili ndi malire amene munthu akawadumpha imauluka. Malirewa amasiyana malinga ndi malo. Ku Chilwa, kumene anthu amasaka mbalame kuti apeze ndiwo ndi ndalama, makamaka nsomba zikasowa, abakha ndi atsekwe amathawa munthu akadali kutali. Padoko pomwe asodzi amatsitsa matemba, makumba ndi milamba, akakowa ndi anantchengwa adazolowera anthu ndipo amayenda pafupi ndi madengu. Doko lotere ndi sukulu yabwino kwa woyamba.

Kulondola mbalame mwachindunji sikuthandiza, chifukwa zotsatira zake ndi zithunzi za michira ya mbalame zothawa. Njira yodalirika ndi kufika msanga, kusankha malo pomwe mbalame zimadyera, kukhala pansi n'kudikira. Munthu woimirira mbalame zimamuopa, koma wokhala pansi osagwedezeka zimamuiwala pakapita kanthawi, ndipo zimayamba kudya molunjika kwa iye. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Zovala zikhale zosawala, zotuwa kapena zobiriwira, ndipo kamera ikwezedwe kumaso pang'onopang'ono. Pakafunika kusendera, amasendera cham'mbali, masitepe ochepa, pa nthawi imene mbalame yaweramira chakudya. Ikasiya kudya n'kutukula khosi, ndiye kuti malire afika.

Kukhala pansi kuli ndi phindu linanso. Kamera ikatsika kufika pa msinkhu wa diso la mbalame, zakumbuyo zimakhala kutali ndipo zimasungunuka kukhala mtundu umodzi wosalala, mbalame n'kuonekera yokha. Ichi n'chimene anthu amalipirira ndalama zambiri pa malenzi odula, koma wogona chafufumimba pa chiguduli m'mphepete mwa dziwe amachipeza ndi lenzi wamba.

Kudziwa chimene mbalame ichite

Kamera yochedwa imafuna wojambula wodziwiratu zimene zichitike. Mbalame ya mawanga akuda ndi oyera yotchedwa pied kingfisher imaima m'malere pamalo amodzi ikukupiza mapiko, mlomo utaloza pansi, kenaka n'kudziponya m'madzi. Ikagwira kansomba imabwerera pa chitsa kapena nsungwi yomwe idachokera, n'kukamenyetsa pamtengopo kangapo isanakameze kuyambira kumutu. Wojambula amene waona zimenezi kawiri salimbananso ndi kuitsatira m'mwamba. Amalozetsa kamera pa chitsacho, amatcheratu focus, n'kudikira kuti mbalame ibwere ndi nsomba kukamwa.

Kakowa wakuda ali ndi kasakidwe kake. Amayenda masitepe angapo m'madzi osaya, kenaka amatambasulira mapiko kutsogolo n'kuphimba mutu wonse, kupanga kamthunzi pamadzi. Amakhala choncho masekondi ochepa, n'kuwongoka, n'kuyendanso, n'kubwereza. Chifukwa amabwereza kambirimbiri, ngakhale wophonya koyamba amapeza mwayi wina. Jacana, mbalame yofiirira ya zala zitalizitali, imayenda pamwamba pa masamba a akakombo, ndipo yaimuna ndiyo imalera ana. Pakakhala choopsa imawanyamula m'mapiko, timiyendo tokha tikulendewera. Dokowe wa mlomo wosatsekeka pakati amadya nkhono za m'madzi, choncho pomwe pali zigoba zambiri m'mphepete mwa dziwe mpoyenera kudikirira. Nkhwazi ikamalira imaponya mutu kumbuyo, ndipo kawirikawiri inzake imayankha.

Mbalame zikuluzikulu zimanyamuka ndi kutera moyang'ana kumene mphepo ikuchokera. Wojambula amene dzuwa ndi mphepo zili kumbuyo kwake amaziona zikubwera chakumaso. Isananyamuke, mbalame imawerama pang'ono n'kupinda miyendo, ndipo apo mpoyambira kudina. Pophunzira kujambula zouluka ndi bwino kuyamba ndi avuwo ndi akakowa, amene amauluka mofatsa ndi molunjika.

Kujambula uli m'bwato

Ku Elephant Marsh ndi ku Chilwa malo ambiri safikika wapansi. Bwato lokankha ndi nsungwi limayenda mwakachetechete, ndipo mbalame zimalilola kufika pafupi kuposa munthu woyenda. Limaikanso kamera pafupi ndi madzi, pa msinkhu woyenera. Vuto lake n'lakuti limagwedera, choncho liwiro la shutter lisatsike pa 1/1000, ndipo tripod ilibe ntchito. Boti la injini limanjenjemeretsa lenzi, ndiye woyendetsa amapemphedwa kuzimitsa injini kuti boti liziyandama lokha. Mtengo ndi kutalika kwa ulendo zimakambidwa bwato lisananyamuke, ndipo mwini bwato amauzidwiratu kuti cholinga ndi mbalame, kuti aziima pomwe pakufunika. Asodzi amadziwa mtengo umene nkhwazi imakonda ndi dziwe limene atsekwe amagona, ndipo nzeru zimenezi sizipezeka m'buku.

Madzi ndi mdani wa kamera. Jumbo yolimba kapena chidebe chotseka bwino chimaiteteza pa nthawi imene sikujambulidwa, ndipo lamba wake azikhala m'khosi nthawi zonse. Lenzi isasinthidwe m'bwato kapena pafumbi. Kunyumba, kamera isungidwe pouma pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, chifukwa chinyontho chimameretsa nkhungu m'kati mwa galasi.

Chitetezo ndi ulemu

Mumtsinje wa Shire muli ng'ona ndi mvuu zambiri. Kugona pansi m'mphepete mwa madzi, komwe n'kothandiza padamu laling'ono, kumeneko n'kuika moyo pachiswe. M'nkhalango ya Liwonde mlendo sayenda wapansi popanda womuperekeza wovomerezeka. Madzi odikha a m'madambo amafalitsa likodzo, choncho kulowamo opanda nsapato za jombo n'kudziputira matenda, ndipo udzudzu wa mbandakucha ndi chisisira umafuna zovala za manja aatali.

Mbalame nazo zili ndi malire ofunika kulemekezedwa. Kuyandikira chisa kumathamangitsa kholo, mazira n'kupsa ndi dzuwa kapena kudyedwa ndi akhwangwala ndi ang'azi. Kuponya mwala kapena kuwomba m'manja kuti gulu liuluke kumalanda mbalame mphamvu, makamaka zimene zauluka ulendo wautali kuchokera kumpoto. Dambo ndi pantchito pa anthu: pali minda ya mpunga, maukonde, ndiponso zimbowera zomwe asodzi a ku Chilwa amagonamo pamadzi. Mlendo amayamba wapereka moni, kufotokoza chimene wabwerera kwa akuluakulu a padoko, ndipo sajambula munthu asanapemphe.

Zithunzi zikafika kunyumba

Zithunzi zambiri za tsiku limodzi zimakhala zotaya, ndipo ndi mmene zimakhalira ngakhale kwa akatswiri. Phindu lili pofufuza chifukwa chake. Chithunzi chilichonse chimasunga liwiro, ISO ndi kutseguka kwa lenzi komwe chidajambulidwira. Ngati chonse chachita chimbuuzi, liwiro lidachepa. Ngati bango likuoneka bwino koma mbalame ayi, focus idagwira polakwika. Kudula m'mbali mwa chithunzi kuti mbalame ikule n'kololedwa, bola kusapyola muyeso, ndipo kutsogolo kwa mlomo kusiyidwe mpata. Kujambula mu RAW kumapereka danga lokonza kuwala pambuyo, ngakhale kumadya malo ambiri pa khadi.

Pozindikira mitundu, buku la Birds of Africa South of the Sahara la Ian Sinclair ndi Peter Ryan limathandiza, chimodzimodzi pulogalamu yaulere ya pafoni ya Merlin Bird ID yochokera ku Cornell Lab of Ornithology. Bungwe lomwelo limayendetsa eBird, pomwe aliyense angalembe mbalame zimene waona, malo ndi tsiku. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lili ndi nthambi m'madera angapo, ndipo ndi pomwe woyamba angakumane ndi anthu ozidziwa bwino mbalame. Ngakhale chithunzi chosakongola chili ndi ntchito, chifukwa chikakhala ndi tsiku ndi malo chimasanduka umboni wakuti mtundu wakutiwakuti udalipo padambo limenelo.

Lenzi yodula imafupikitsa mtunda ndipo imathandiza kuwala kukachepa, koma siisankha malo okhala, siidziwa kumene mphepo ikuchokera, ndipo siidikira. Woyamba amene ali ndi lenzi ya 300mm ndi dambo limodzi lofikako kawirikawiri ali nazo zonse zofunika pophunzira ntchitoyi, ndipo ndalama zimene angasunge n'kwabwino kuziika pa ulendo ndi pa mwini bwato asanaganize zogula chida china.